Kumene Madamu Amparo Ankapita Lachinayi

1

Nkhaniyi ndakhala nayo m'kamwa zaka zambiri chifukwa mwini wake anali asanandilole kuitulutsa. Posachedwapa ndi pamene anandiuza kuti, "Lemba, koma ukatchula zaka zanga ndikusumira." Choncho, owerenga okondedwa, zaka za Madamu Amparo Ventanilla musandifunse. Zina zonse ndikuuzani.

Ine ndine Luningning Panganiban, koma aliyense amangoti Ning. Ndinakumana ndi Madamu ndili ndi zaka khumi. Masiku amenewo mu Manila munalibe munthu wosadziwa nkhope yawo. Inali pa makalenda, pa mapaketi a sopo, ngakhale kumbuyo kwa majipini onyamula anthu, ikumwetulira ndi mano oyera mbee. Anali atavina baleti m'mayiko a azungu mpaka azunguwo kuimirira m'mipando. Akanyang'ama pa nsonga za zala n'kuyamba kuzungulira, ngakhale ogulitsa mtedza pakhomo la holo ankasiya malonda n'kumasuzumira.

Chaka chimenecho kunali gule wa nkhani ya m'nyanja, ndipo ana a pasukulu yathu ya baleti anatitenga kuti tikhale nkhanu. Madamu anali mfumukazi ya pansi pa madzi. Ntchito yathu inali kuyenda chammbali mowazungulira, titavala zikhadabo zazikulu za makatoni.

Tsiku loyamba kuyeserera nawo, chikhadabo changa chinakola siketi yawo. Nsalu inangoti kwee! Woimba piyano anachotsa manja. Mayi anga, amene anakhala pa benchi ya makolo, anabisa nkhope m'chikwama.

"Nkhanu iyi ndi ya ndani?" anafunsa Madamu.

"Ndine Ning, Madamu."

"Sindinafunse dzina. Nkhanu zilibe mayina. Yendanso ndione."

Ndinayenda chammbali, misozi ili chuchuchu, zikhadabo zili m'mwamba, kuchoka khoma ili mpaka khoma linalo. Madamu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa aphunzitsi athu.

"Mwana uyu ndi wosasamala. Koma enawa ndi ana ovala makatoni, uyu yekha ndiye nkhanu. Muikeni patsogolo. Kutali ndi siketi yanga."

Tsiku limenelo ndinakana kuvula zikhadabozo ngakhale pa nthawi ya chakudya, ndipo mayi anachita kundidyetsa mpunga ndi supuni.

2

Nditakula ananditenga m'gulu la Madamu lenileni. Pamenepo n'kuti mayi anga atamwalira kale, ine ndili ku sekondale. Bambo anga, Doki Pemyong, anali dokotala wa mano ku Pasig. Kachipatala kawo kanali pamwamba pa bekale, nyumba yathu kuseri kwake. Popeza kunali kutali ndi kuntchito, ndinkakhala ku Malate ndi Tita Bebang, akulu awo a malemu mayi anga (kwathu Tita ndi mmene timaitanira achemwali a makolo athu). Tita sanakwatiwepo, koma ankadziwa za mabanja onse a mumsewu wathu kuposa eni ake. Kwa bambo ndinkapita Lamlungu lokha.

Kugwira ntchito ndi Madamu kunali ngati kukhala nyumba imodzi ndi mphezi. Ankafika ife tisanafike, tsitsi atalimanga gwa, m'manja muli chokupizira mphepo chakuda. Chokupiziracho sichinali cha mphepo. Bondo likapindika pamene liyenera kuwongoka, phwa! Phewa likakwera, phwa! Chakudya chawo chamasana chinali dzira lowiritsa ndi khofi wopanda shuga. Kumwetulira kwa pa kalenda kuja ankasungira anthu ogula matikiti. Ife sitinkakuona.

Komabe akati akuonetse sitepe, unkaiwala ululu wonse. Tsiku lina ndinkangodzandira potembenuka. Anabwera n'kugwira chibwano changa ndi chala chimodzi.

"Maso ayambe afika, thupi litsatira lokha. Iwe ukutsogoza matako ngati akukasunga malo pa mzere."

Anzanga anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma kuyambira tsiku limenelo sindinadzandirenso.

Lamulo lawo lalikulu linali loletsa zibwenzi m'gulu. "Chikondi chimalemeretsa miyendo," ankatero. Yanga inali italemera kale. Ndinali pa chibwenzi cha mseri ndi Dindo Catapang, mnyamata wa mapewa otakata amene ankanyamula Madamu pa siteji. Anali ndi kagalimoto kobiriwira kokalamba, chitseko chake chomanga ndi chingwe, ndipo m'menemo ndi mmene tinkabisala n'kumadya nthochi zokazinga titawerama ngati akuba.

Kenako Madamu analengeza kuti akupuma pa ntchito. Gule wawo wotsazikira anali wa mfumukazi imene ikusiyira mwana wake wamkazi ufumu. Mtsikana aliyense m'gulu ankalota malo a mwanayo. Ine ndinkalota ngakhale masana.

M'masiku omwewo Madamu anabwera tsaya litatupa ngati abisamo dzira lawo lija. Sanadandaule, koma chokupizira chinkatera kawiri pa cholakwa chimodzi. Ine, ndi mtima wofuna kukondedwa, ndinawatsatira pakhomo.

"Madamu, bambo anga ndi dokotala wa mano. Dzanja lawo ndi lofewa."

"Ali kuti?"

"Ku Pasig, pamwamba pa bekale."

Anandiyang'ana ngati ndawapatsa mswachi wa munthu wina.

"Dokotala wanga ali ku Makati, ndipo pansi pake saphika mabanzi. Pita ukawongole mawondo."

3

Tsaya linaphwa, koma Madamu sanabwerere mwakale. Lachinayi lililonse ankatiwerutsa dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sichinachitikepo ngakhale mkuntho utagwetsa mitengo mumzinda. Ankadzola zofiira pamilomo, n'kutulukira khomo la kumbuyo, n'kukwera kagalimoto kobiriwira. Kagalimoto ka Dindo wanga. Iye ndiye ankawamasulira chingwe cha chitseko.

Lachisanu m'mawa ankabwera akuimba chapansipansi nyimbo za pa wailesi, zija zolira chikondi. Mnzanga Chona, amene mphuno yake sinkaphonya kanthu, anandinong'oneza tikuwongola miyendo.

"Ning, Madamu akununkha adyo."

"Bodza."

"Adyo ndi nkhumba yokazinga. Munthu wa dzira lowiritsa! Pali mwamuna amene akuwadyetsa, ndipo galimoto yake tonse tikuiona."

Chona sankadziwa za ine ndi Dindo. Ndinangomwetulira n'kupitiriza kuwongola miyendo.

China chodabwitsa n'chakuti pa ine Madamu anafika poipa. Ena akalakwa ankangowayang'ana, koma ine ndikangopuma mpweya pa nthawi yolakwika, phwa! Ndinati basi, adziwa kuti tikulimbirana mwamuna.

Ndinam'panikiza Dindo kuseri kwa makatani a pa siteji.

"Lachinayi mumapita kuti?"

"Ndimangowaperekeza."

"Kuti?"

"Ning, ndinalumbira."

"Kwa ndani?"

"Ndikakuuza kwa ndani ndiye kuti ndanena zonse."

"Umawakonda?"

"Ine? Ndimawaopa! Ndikawanyamula m'mwamba ndimakhala ndikupemphera."

"Ndiye nena."

Anakanda m'mutu n'kuyang'ana kudenga. "Ungodikira pang'ono. Ukadzamva udzaseka."

"Ndiyamba kuseka lero. Chibwenzi chatha."

Lamlungu ndinapita kwa bambo maso ali psuu. Ndinawapeza atadaya tsitsi lakuda bii, utoto mpaka m'makutu, koma ndinalibe mphamvu zowaseka. Tikudya ndinawakhuthulira zonse, za Dindo, za Lachinayi, za adyo. Bambo anatsamwa ndi mpunga mpaka ndinachita kuwamenya pamsana.

"Mwana wanga," anatero atamwa madzi, "mwina mayiyo si woipa choncho."

"Tatay, simukuwadziwa inu! Ndi mfiti yovala siketi ya neti."

"Ee, ee. Komabe mfiti ndi mawu aakulu."

"Mukuwaikira kumbuyo?"

"Ayi, ayi. Idya, chakudya chikuzizira."

Ndinangoti ukalamba wayamba kuwafewetsa mutu.

4

Nkhani inatuluka m'kanyuzipepala kena ka miseche. Dzina sanatchule, anangofunsa kuti ndi mbalame iti ya pa siteji, ya nthenga zoyamba kuthothoka, imene ikuuluka Lachinayi lililonse ndi katambala kakang'ono. Tita Bebang anawerenga mokweza tikumwa khofi wa m'mawa. Atakweza maso anaona nkhope yanga, ndipo khofi asanazizire anali atandifinya zonse.

"Mwana wa mng'ono wanga kulandidwa mwamuna ndi gogo wonyang'ama? Ine ndili moyo?"

"Tita, zisiyeni. Mukachita phokoso andichotsa ntchito."

"Phokoso la chiyani? Ndikungofuna kuona ndi maso anga. Ndine munthu wa tchalitchi ine."

Lachinayi lotsatira nditatuluka ndinapeza takisi itaima pangodya, Tita ali mkati atavala magalasi akuda, korona dzanja ili, ambulera dzanja ilo. Anandikokera mkati ngati thumba la makala.

"Adalaivala, tsatirani kachule kobiriwirako. Kasakuoneni."

Musaganize za liwiro la m'mafilimu. Unali mdipiti wa magalimoto wa masana ku Manila. Tinkawathamangitsa pa liwiro la maliro. Pena tinkaima pafupi kwambiri moti ndinkaona Madamu akudzipaka paudala pamphuno, ine n'kubisala pansi pa mpando. Mayi wina wogulitsa mtedza anatigulitsa ife, n'kukagulitsa iwo, n'kubwereranso kudzatifunsa ngati tikufuna wina.

Pofika pa mlatho, dalaivala anali atamva nkhani yonse ndipo anali mbali yathu.

"Amuna ovina musawakhulupirire, mayi. Munthu wovala buluku lothina choncho pagulu alibe manyazi."

"Wamva, Ning? Ngakhale adalaivala akudziwa."

Koma ine ndinali nditasiya kumvetsera. Misewu inayamba kukhala yodziwika. Tinadutsa tchalitchi chimene ndinabatizidwira. Tinadutsa sukulu yanga ya pulayimale. Kagalimoto kobiriwira kanakhota pa ometa tsitsi n'kukaima pamaso pa bekale.

Tita anavula magalasi.

"Mayi Maria! Zonyansa zawozo akuchitira m'nyumba ya bambo ako?"

5

Dalaivala wathu anavutika kupeza poimika, choncho pamene tinkatsika awiriwo n'kuti atalowa kale. Tita anakwera masitepe ngati mtsikana. Pachitseko panali chikwangwani chakuti chipatala n'chotseka. Anachikankha ndi phewa.

Pa benchi ya odwala panali Dindo yekha, atasanjikiza miyendo, akudya banzi lotentha, akuwerenga magazini yakale ya matenda a nkhama. Sanapeze mpata wodzuka. Ambulera inam'peza pamutu.

"Chigawenga iwe! Gogo wako wam'bisa kuti?"

"Tita! Tita, dikirani! Ning, auze!"

"Ndine Tita wako ine?"

M'chipinda cha mkati munkamveka nyimbo. Mawuwo ndinawazindikira. Ku Pasig konse kunalibe munthu wina wotha kusemphana ndi nyimbo molimba mtima choncho. Ndinatsegula chitseko.

Madamu Amparo Ventanilla anali atatsamira pa mpando wozulira mano, nsapato atavula, mapazi awo a zipsera atakulungidwa m'thaulo lofunda. Pa kathebulo koika zipangizo panali mbale ya mpunga wa adyo ndi nkhumba yokazinga. Pambali pawo panaima bambo anga, tsitsi lili bii, maikolofoni ya karaoke m'manja, maso atatsinzina, akukoka mawu omaliza ngati mbuzi yokodwa mumpanda.

Ndipo Madamu ankaseka. Kuseka kwenikweni, kwa pakamwa ponse, misozi ili mbwembwembwe. Pakati pa mano a pa kalenda aja panali mpata woti n'kudutsa pensulo. Dzino la kutsogolo linali phee m'tambula ya madzi.

Bambo anatsegula maso. Maikolofoni inali ikadali pakamwa, zenera lili lotsegula, choncho msewu wonse unamva.

"Amparing, tagwidwa."

Amparing! Mayi amene nduna zinkamupatsa moni zitawerama! Pansi pa zenera anthu a mu bekale, ometa tsitsi ndi dalaivala wathu anaombera m'manja.

Tita anatsitsa ambulera pang'onopang'ono. Anayang'ana bambo, anayang'ana Madamu, anayang'ana tambula. Kenako anacheukira Dindo amene ankasisita pamutu.

"Ndiye uyu ndam'menyayu walakwa chiyani?"

"Palibe, alamu," anatero bambo. "Ndi wongoyendetsa galimoto."

"Chabwino, asunge. Tsiku lina adzalakwa ndithu."

6

Madamu anatenga dzino lija n'kulibwezera m'kamwa, ndipo nkhope ya kuntchito inabwerera limodzi nalo. Anafotokoza mwachidule ngati akuwerengera sitepe. Tsiku la tsaya lotupa lija, dokotala wawo wa ku Makati anali kunja kwa dziko. Ululu utakula ali m'galimoto ya Dindo, anakumbukira za pamwamba pa bekale. Bambo anapeza kuti dzino lafa ndipo analizula. Madamu atadziona pa galasi analira ngati mwana, osati ululu, koma kumwetulira kwawo. Bambo, posowa chowatonthoza nacho, anayamba kuimba. Kuimbako kunali koipa moti Madamu anasiya kulira n'kuyamba kuseka.

Lachinayi lotsatira anabwera kudzayesa dzino loikirira. Linalo anabwera kudzaona ngati lakhazikika. Litakhazikika, anapitiriza kubwera. Madamu anam'lumbiritsa Dindo za dzino, kenako lumbirolo linakula lokha.

Dindo ananena kuti ndikadzamva ndidzaseka. Sindinaseke. Pakhoma la chipindacho panali chithunzi cha mayi anga atandinyamula ndili khanda, ndipo chinkayang'ana mpando womwewo.

"Nonse atatu munkandiona ndikulira," ndinatero, "ndipo palibe anatsegula pakamwa."

Ndinatsika masitepe. Bambo ananditsatira atavala masilipasi, n'kundigwira mkono pakati pa anthu ogula mabanzi.

"Mayi ako sindinawaiwale, mwana wanga. Koma nyumba ija imakhala zii. Iwe ukabwerera ku Malate ndimayankhula ndi firiji."

"Mukanandiuza, Tatay."

"Lamlungu lija ndinatsala pang'ono. Ndiye unati mfiti."

Ndinachotsa mkono wanga n'kukwera jipini.

M'mawa mwake gulu lonse linali litamva, chifukwa nkhani ikalowa mu bekale imatuluka ndi mabanzi. Za dzino zokha ndi zimene sizinatuluke. Tita anazisunga, ndipo mpaka anamwalira ankati imeneyo ndiyo inali ntchito yolemera kwambiri pa moyo wawo.

Madamu anandiitanira m'chipinda chawo chovalira.

"Khala pansi. Malo a mwana wa mfumukazi ndi ako. Ndinakusankha tsaya lisanatupe, ukafunse woimba piyano. Koma tsopano aliyense anena kuti wawapeza chifukwa cha bambo ako. N'chifukwa chake ndakhala ndikukusula kuposa ena. Ndikufuna wonena anene, koma maso ake amutsutse."

"Mukanangondiuza, Madamu."

"Ndinayesa kangapo. Ndikatsegula pakamwa pamatuluka zoti wongola bondo." Anatembenuza chokupizira m'manja. "Ndavina pamaso pa mafumu osanjenjemera. Koma iwe ndikukuopa, Ning. Pemyong anandiuza kuti iwe ukakana za ukwati wathu, nayenso akana."

"Ndiye kuti munawafunsira ndinu?"

"Ndikanadikira iyeyo ndikanafa ndili mbeta."

Pakamwa panga panafuna kuseka koma mtima unakana. Ndinati malowo ndawalandira. Za ukwatizo ndinazisiya pomwepo n'kutuluka.

Milungu yotsatira inali yowawa. Ndikamalowa m'chipinda anzanga ankasiya kuyankhula. Wina anandifunsa ngati bambo anga angamukonzere mano kuti nayenso apeze malo. Ngakhale Chona ankandiyang'ana cham'mbali. Kwa bambo ndinasiya kupita. Dindo ankandinyamula pa pulakatisi ngati wanyamula thabwa, chifukwa ndinkachita kuuma dala.

7

Tsiku la gule wotsazikira holo inadzaza mpaka ena kuimirira m'makoma. Ndikusuzumira pa katani ndinaona bambo pa mzere wachitatu atavala malaya awo a paukwati, Tita ali pambali pawo akuloza anthu otchuka ndi milomo. Kutsogolo kwenikweni kunali ojambula zithunzi a manyuzipepala, aliyense akudikira chinthu chimodzi: kumwetulira komaliza kwa Amparo Ventanilla.

Madamu anavina ngati mtsikana. Ine ndemwe ndinaiwala kuti ndinawakwiyira. Tinafika gawo lomaliza, pamene mfumukazi imazungulira kudutsa siteji yonse, mwana wake n'kuigwadira, iyo n'kumuveka chisoti kenako n'kutembenukira kwa anthu.

Ali pakati pozungulira, kanthu koyera kanauluka. Kanagwa pa matabwa, tiki, tiki, n'kugubudukira cha ku nyali za kutsogolo.

Madamu anatseka pakamwa osaphonya sitepe. Atamaliza kuzungulira maso awo anakumana ndi anga. Zaka zonse zimenezo ndinaona maso amenewo akulamula, akunyoza, akuyeza. Tsiku limenelo ankapempha.

Malinga ndi gule ndinayenera kupita kumanzere n'kugwada. Ndinapita kumanja. Ndinanyang'ama mpaka ku nyali, n'kuwerama mwaulemu waukulu, dzanja likusesa pansi ngati ndikuthyola duwa. Dzino linalowa m'chikhatho. Vuto linali lakuti ndinali kutali, ndipo nyimbo inali ikutha.

Ndinangomva manja m'chiuno. Dindo, amene anayenera kuima phee ngati msilikali wa mfumukazi, anali ataona zonse. Anandinyamula m'mwamba, n'kudutsa nane siteji yonse ngati tinapangana, n'kunditula pamaso pa Madamu. Ndinawakumbatira, manja otakata a diresi langa akutiphimba kumaso.

"Yasamulani."

"Lagwa pansi limenelo. Lili ndi fumbi."

"Madamu, yasamulani."

Anayasamula. Linalowa, kwapu! Anandiveka chisoti chopendekeka, n'kutembenukira kwa anthu, n'kumwetulira. Holo inagwedezeka. Anthu anaimirira, maluwa anagwa ngati mvula, ndipo bambo anga ankalira mokweza moti Tita anawatseka pakamwa ndi pepala la pulogalamu.

M'mawa mwake nyuzipepala zinalemba kuti panalibe chokhudza mtima ngati pamene mwana anatola ngale pansi n'kubisa misozi ya mayi ake. Anzanga m'gulu, amene anaona kuti ndasintha gule pa siteji popanda kugwa, anasiya kufunsa za mano awo.

Koma zimenezo ndi za mawa lake. Katani itangotsekeka, Madamu ananditembenukira akupuma wefuwefu.

"Unachedwa ndi sitepe imodzi."

"Dokotala wanunso ntchito yake ndi yosalimba."

"Ndikamuuza."

"Tikawauza tonse Lamlungu. Mubwere. Koma karaoke muwaletse."

Anangogwira dzanja langa, ndipo katani itatsegukanso anandikokera patsogolo kuti tiwerame limodzi.

8

Ukwati wa bambo ndi Madamu unachitika Pasaka itadutsa. Tita Bebang analira kuposa aliyense, kenako anauza alendo onse kuti banjali analimanga ndi iwo. Dindo ndinamukhululukira pang'onopang'ono, mwina pang'onopang'ono kwambiri, ndipo lero ndi bambo wa ana anga. Ndinavina zaka zambiri mpaka mawondo anandiuza kuti basi. Bambo anatisiya zaka zingapo zapitazo, atakhala ndi Amparing wawo nthawi yokwanira kumunenepetsa. Madamu amakhala nafe, ndipo zidzukulu zawo zimawakwera pamsana popanda chilango.

Owerenga anzanga, makamaka inu amene bambo kapena mayi anu anatsala okha, ndili ndi mawu ochepa. Ife ana timaganiza kuti makolo athu anamaliza kukonda tsiku limene anatibereka, ndipo kuti ntchito imene yawatsalira ndi kutidikira Lamlungu. Timaiwala kuti sabata ili ndi masiku ena. Ine ndinkaopa kuti munthu watsopano akalowa m'nyumba, mayi anga atulukamo. Sanatuluke. Madamu ndi amene ankayatsa kandulo pa manda awo chaka chilichonse, ndipo ankakangana ndi Tita za maluwa oyenera.

Chimene chinandivuta kwa nthawi yaitali ndi dzina lowaitanira. Nditawafunsa anati, "Kuntchito ndine Madamu. Kunyumba, chimene pakamwa pako pangathe." Pakamwa panga panangotha Madamu, ngakhale kukhitchini, ngakhale mwana wanga woyamba atabadwa.

Tsiku lina tili pa msika ankanenerera nsomba. Madamu akayamba kunenerera saona dzuwa, ndipo wogulitsayo anali atatsala pang'ono kulira. Ine mwana anali m'manja, akulira ndi kutentha, ndipo ndinatopa.

"Nanay, tiyeni tizipita!"

Linangotuluka lokha, dzina limene ndinkaitanira mayi anga okha. Tonse tinaima. Madamu sanacheuke. Anayang'anitsitsa nsomba zija nthawi yaitali ngati sanazionepo, akuphethira pafupipafupi. Kenako anauza wogulitsayo ndi mawu osasa kuti amange dengu lonse, pa mtengo umene ananena poyamba.

Tinadya nsomba sabata yonse, mpaka anthu oyandikana nawo nyumba anayamba kutikana pakhomo.